Tebulo la Telala ndi Girayinda ya Chifumbi

Pali amuna ena oti akangogwira chida cholira m'manja, nzeru zimatulukira m'makutu. Chifumbi ndi mmodzi wa iwo. Kale ankakandira matope amisiri omanga nyumba, munthu wa fosholo ndi wilibala, ndipo nthawi imeneyo ankapiririka ndithu. Zinthu zinasokonekera tsiku limene anagula girayinda yakale kwa wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa msika. Kuyambira pamenepo ukamuitana kuti "achimwene" satembenuka, amafuna uziti "amisiri".

Chotchinga cha girayindayo anachimasula tsiku lomwelo, ati chimamulepheretsa kuona. Magalasi savala, chotseka pamphuno ati n'cha amantha. Akamadula njerwa kapena kung'amba khoma kuti mudutse paipi, sathira ngakhale kadontho ka madzi. Fumbi limakafika mpaka pa zovala zimene eniake ayanika kuseri kwa mpanda, iye n'kutulukamo ali mbuu, nsidze zitayera, akuseka. Dzinali linachokera pamenepo. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo: disiki ali nayo imodzi yokha, yodulira konkire, ndipo amisiri enieni atamuuza kuti yopalira matabwa ndi ina, ya sandipepala, iye anangoti, "Disiki ndi disiki, chachikulu ndi dzanja."

Mkazi wake ndi telala, amasokera pakhonde. Pakhomopo girayinda ija inawononga zambiri. Mipeni inanoledwa mpaka kutsala ngati zotokosera m'mano, chitseko cha kubafa chinafupika moti munthu akamasamba mawondo amaonekera kunja. Mayiyo ankangoyang'ana kumbali, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chinthu chimodzi chokha ndicho analetseratu: tebulo lake lodulirapo nsalu.

Tebulolo anamukhomera ndi malemu bambo ake, omwe anali kalipentala. M'mphepete mwake anatemamo timizere ndi tchizulo, ka mita, ka theka, ka kota, kuti mwana wawo asamavutike kusaka tepi. Telalayo ankayeza nsalu osayang'ana n'komwe, chala chachikulu chinkangoyenda chokha n'kukaima pakamzere. Katundu wina yense wa malemuwo abale anagawana, iye chake chinali chimenechi basi.

Tsiku lina nsalu ya kasitomala inakodwa pakona pamene thabwa linatukuka pang'ono. Mayiyo anadandaula mokweza, kuiwala kuti mwamuna ali pakhomo.

"Kantchito kochepa ako, mayi," anatero Chifumbi maso akuwala. "Ndingolipala pang'ono, lisalala ngati galasi."

"Bambo, chonde, tebulo ili musaligwire. Kadulani makoma anu uko."

"Mukundiyesa mwana ine?"

"Ndati musaligwire."

M'mawa mwake mayiyo anapita kuchipatala kukazonda mng'ono wake. Pobwerera, asanakhote n'komwe kulowa kanjira ka kwawo, anamva kulira kwa girayinda kuja, ngati nkhumba ili m'manja mwa oipha. Anayamba kuthamanga.

Anapeza tebulo alitulutsira pabwalo. Disiki ya konkire sipala ayi, imakumba. Pamwamba ponse panali maenjemaenje, pena popserera pali bii, utuchi uli mbwee mpaka pa makina osokera. Ndipo mkuluyo, ataona kuti pakati pamukanika, anali atathawira m'mphepete kuti mwina kumeneko kukongole.

"Mwafika bwino, mayi," anatero akupukuta thukuta. "Pakatipa mpofunika kubwereza, koma taonani m'mbalimu. Timing'alu tonse tija ndachotsa. Madala aja anali mmisiri ndithu, kungoti kumalizitsa ntchito kunkawavuta."

Telala anayendetsa chala m'mphepete muja kuyambira uku mpaka uko, osakumana ndi kanthu. Pamaliro a bambo ake analira pamodzi ndi anthu, koma chisoni cha apa chinamugwira yekhayekha, ndipo chinasakanikirana ndi kunyansidwa ndi munthu anaima patsogolo pakeyo, utuchi uli m'ndevu, akudikira kuyamikiridwa. Analowa m'nyumba, anazula pulagi kukhoma, anatenga sizasi yake yaikulu yodulira nsalu n'kudula chingwe cha girayinda pakati.

Musaganize kuti Chifumbi anatolapo phunziro. Tsiku lomwelo analumikiza chingwecho n'kuchikulunga ndi pulasitiki, ndipo mpaka lero amauza anzake kuti akazi sayamika. Mkazi wake anayala thabwa lopyapyala pamwamba pa maenje aja, n'kugula tepi ya m'sitolo yokoleka m'khosi. Koma ntchito ikachuluka amaiwala. Amakokera nsalu m'mphepete mwa tebulo, chala n'kumayenda kufunafuna kamzere ka bambo ake, mpaka kukagwera kumapeto.