Mayi Albertina Aona Lizulu Ali ku Mpadue

Aliyense amene amagula mbatatesi pamsika wa Kwachena mumzinda wa Tete amawadziwa Mayi Albertina, ngakhale osadziwa dzina lawo. Ndi mayi aafupi, ojintcha, okhala kumapeto kwa mzere wa anthu a ku Angónia, ndipo sakuwa poitana ogula. Amangokuyang'ana, n'kutola mbatatesi imodzi, kuipukuta pakapulana wawo, chitenje cha kuno, n'kukuonetsa.

Anabadwira ku Domwe. Nkhondo itafika kwawo anali kamtsikana, ndipo banja lawo linathawira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Lizulu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuwerenga, m'Chichewa. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kwawo, n'kukwatiwa ndi a Tomás, mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo awiriwo anatsikira ku Tete n'kumanga nyumba ku Mpadue. Chipwitikizi cha pamsika amachiyankhula, Chinyungwe nachonso, koma kuwerenga Chipwitikizi kunali kwina. Zikwangwani ndi mapepala a kuchipatala zinkadikira wowawerengera. M'zaka zapitazi maso nawo anayamba kuchita nkhungu, moti ngakhale buku lawo la nyimbo la Chichewa analisiya.

Tabuleti inabwera ndi mwana wawo Ivone, mphunzitsi ku Chimoio, pa tchuthi cha Natale, nyengo ya Khirisimasi.

"Mama, iyi ndi yanu," anatero Ivone. "Ndaikamo kale mamega."

"Mamega n'chiyani?"

"Ali ngati magetsi ogula aja. Mukamaonera zinthu pa intaneti amatha, ndiye mumagula ena."

"Ndiye kuti wandibweretsera mimba ina yoti ndiziidyetsa," anatero mayiwo, akuchitembenuza chinthucho ngati mbale yosweka msanga.

Ivone anawaonetsa poyatsira, pozimitsira, pofufuzira, chala chake chikuthamanga pagalasipo. Mayi ake ankangogwedeza mutu. Mwanayo atakwera basi kubwerera ku Chimoio, iwo anaikulunga tabuletiyo m'chitenje chakale n'kuiika pamwamba pa kabati. Inakhala pamenepo mpaka mvula inatha. Ivone akaimba foni n'kufunsa, ankayankha kuti, "Ili bwino, mwana wanga, sinakalike n'komwe."

Amene anaitsitsa pakabatipo ndi Dona Deolinda, Mnyungwe wa kuseri kwa mpanda, amene amaluka anthu tsitsi pansi pa mtengo wa masawu. Iwo foni yaikulu anali nayo kale, yoonera malukidwe atsopano. Madzulo ena, atamva kuti m'nyumba ya anzawo muli tabuleti yongogona, anaomba m'manja n'kuuza Mayi Albertina kuti akaitenge msanga.

Poyamba zinavuta. Zala za munthu wogwira mbatatesi tsiku lonse ndi zouma, zong'aluka, ndipo galasilo linkakhala ngati silikuzimva. Mayi Albertina ankakanikiza mwamphamvu ngati akuyesa peyala ngati lapsa.

"Vizinya, mnansi wanga, musachikanikize choncho," anatero Dona Deolinda, akusakaniza Chinyanja ndi Chinyungwe monga amachitira. "Chikhudzeni ngati mukuchotsa kachitsotso m'diso la mwana."

Mayi Albertina anakasamba m'manja, n'kudzola mafuta pang'ono, n'kuyesanso. Chinamva. Kenako Dona Deolinda anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula, ndipo zilembo zimene zinali ngati nyerere zinakula mpaka kufanana ndi nyemba.

Mayi Albertina anaikapo zala zawo. Anazifinya zalazo, zilembo n'kuchepa. Anazitambasula, n'kukula.

"Mwati chimachita zimenezi pa chilichonse cholembedwa?"

"Pafupifupi chilichonse."

"Nanga Ivone bwanji sanayambe n'zimenezi?"

Kuyambira tsiku limenelo tabuleti sinabwererenso pakabati. Dona Deolinda anawaphunzitsa kudina kachizindikiro kamene kamamva mawu a munthu n'kumufufuzira chimene wanena. Iwo anakadina n'kunena mwaulemu kuti, "Ndikufuna nyimbo za kwaya." Chinawabweretsera zithunzi za matayala a galimoto. Anabwereza mokweza, chinabweretsa zina zachilendo kuposa zoyambazo. Apo anazindikira kuti khutu la chinthucho ndi la Chipwitikizi. Koma tsiku lina anayesa kulemba okha, chilembo chimodzichimodzi, mawu omwe aja a Chichewa, ndipo panatuluka mzere wa makwaya a amayi ovala zoyera. Anakhudza imodzi. Nyimbo imene inayamba inali yoti anaiimbapo ali mtsikana kutchalitchi cha kumsasa. Anaimba nawo mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja, anyezi wa ndiwo atamuiwala.

Atadziwa kuti mumapezeka za Chichewa, anayamba kufufuza zambiri. Anapeza nkhani za ku Malawi, maulaliki, ngakhale anthu akukangana za mtengo wa feteleza. Ankawerenga mokweza pakhonde dzuwa likapendeka, pang'onopang'ono poyamba, kenako lilime linakumbukira njira yake. Masamba a Chipwitikizi nawo anasiya kuwaopa. Zilembo zikakula, ankatchula liwu mpaka kulizindikira kuti ndi lomwe lija amalimva pamsika tsiku ndi tsiku, kungoti anali asanalionepo nkhope.

A Tomás ankati zonsezi ndi zoseweretsa za ana. Ankakhala chapatali ndi wailesi yawo, koma wailesiyo ankaitsitsa mawu mayi akayamba kuwerenga. Tsiku lina anafika pafupi, akukanda m'mutu.

"Mayi a Ivone, kodi mmenemo muli mageti?"

"Mageti anji?"

"A zitsulo. Kuli bwana wina kudera la Francisco Manyanga akufuna geti lamaluwa, ndiye sindikumvetsa chimene akunena."

Analemba limodzi mawuwo m'Chipwitikizi, bambo akutchula, mayi akudina. Panatuluka mageti osawerengeka, a m'mayiko amene sankawadziwa n'komwe. A Tomás anakoka mpando. Anawayang'ana mpaka nthawi ya chakudya inadutsa, akujambula ena ndi choko pasimenti. Mawa lake mamega anali atatha, ndipo mayi anawauza mosapsatira kuti amene wadyetsa mbuzi m'munda ndiye akonze mpanda. Bambo anakagula ena. Geti lija analiwotcherera, mwini wake analikonda, ndipo mpaka lero a Tomás akafuna tabuleti amayamba ndi kufunsa ngati mayi athana nayo.

Zowopseza sizinalephere. Tsiku lina ali okha pakhomo, akufufuza kaphikidwe ka keke ya chinangwa, galasi lonse linafiira n'kuyamba kuphethira, mawu aakulu akunena kuti tabuleti yagwidwa matenda, adine apa msanga. Mayi Albertina anaigoneka chafufumimba patebulo, n'kuivindikira ndi beseni, n'kutuluka panja kukamuimbira Ivone.

"Mwadina?" anafunsa Ivone.

"Sindinadine. Ndaivindikira."

Ivone anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mwachita bwino, Mama. Amenewo ndi akuba. Chilichonse chokufulumizitsani, kapena chokuuzani kuti mwapambana mphoto, musachikhudze. Funani kamtanda pakona n'kutseka."

"Ngati aja obwera pamsika ndi mankhwala ochiza matenda onse?"

"Omwewo."

Zimenezo mayiwo anazimva msanga, chifukwa anthu otero anawaona ambiri.

M'mwezi wa Otubru, pamene Tete amatentha moti phula limamata kunsi kwa nsapato, anayamba kupita nayo kumsika. Poopa dzuwa, ankaikulunga m'makapulana awiri n'kuiika m'chikwama pansi pa benchi. Masana ena anaitulutsa ili yotentha ngati chiwaya, inalemba mawu ochepa n'kuzima. Anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, akuganiza zimene akamuuze Ivone. Dona Deolinda anaigwira n'kunena kuti yangokomoka ndi kutentha, aivule nsaluzo. Anaigoneka pasimenti pafupi ndi mtsuko wa madzi, ndipo dzuwa lisanalowe inadzuka. "Nayonso ndi ya ku Angónia," anatero Mayi Albertina. "Kuno sikuizolowera."

Kutentha komweko n'kumene kumawaolera mbatatesi, choncho anafufuza kasungidwe kake. Malangizo ena anawaseketsa. Wina analemba kuti aziika m'chipinda chozizira cha pansi pa nyumba, iwo n'kufunsa a Tomás ngati ku Tete kuno kuli malo ozizira kupatula m'banki. Koma ena anawathandiza. Anawerenga kuti mbatatesi siigwirizana ndi anyezi pamalo amodzi, ndiponso kuti thumba la pulasitiki limaichititsa thukuta. Anasiyanitsa matumbawo, n'kuyamba kuiyala pamphasa pamthunzi podutsa mphepo. Kuola sikunathe, koma kunachepa, ndipo amayi awiri a mumzere wawo anatengera.

Chimene Mayi Albertina amakonda kusimba kwambiri chinachitika tsiku la Domingu, atachoka kutchalitchi. Ivone anali atawauza pafoni kuti muli mapu oonetsa dziko monga imalionera mbalame. Anakhala pakhonde ndi a Tomás n'kuwatsegula. Anayamba ndi Mpadue. Anaupeza msewu wawo, mtengo wa masawu wa Dona Deolinda, ndi denga lawo lomwe.

"Taonani dzimbiri ilo," anatero mayi. "Ndakhala ndikukuuzani za malata aja. Pano dziko lonse likuona."

A Tomás anati chithunzicho n'chakale.

Kenako mayi anaika chala pamsewu waukulu n'kuyamba kuukoka. Anawoloka Zambezi, anadutsa Moatize ndi maenje ake akuda a malasha, anakhota kukwera mapiri. Dziko lofiirira linayamba kubiriwira. Anafika ku Ulongwe, anaona phiri la Domwe, koma sanaime. Anapitirira mpaka pamzere wa malire, n'kuutsata mpaka dzina la Lizulu linatuluka.

Amayi awo owabereka anamwalirira kumsasa kuja, chaka chimodzi mtendere usanabwere, ndipo anaikidwa komweko. Pobwerera kwawo anawasiya. Kuyambira pamenepo Mayi Albertina anali asanapondeko. Ankati adzapita, koma mumtima ankaopa kukafika n'kusazindikira pamalopo.

Anatambasula zala, dziko n'kuyandikira. Anapeza msika wa m'mbali mwa msewu, kenako kamtsinje kamene ankatungako madzi, kenako kaphiri ka miyala iwiri yotsamirana. Msasa wonse unali m'munsi mwa kaphiri kameneko. Tsopano panalibe nyumba ngakhale imodzi, koma minda yokhayokha, mizere yake ikuoneka ngati tsitsi loluka kumene.

"Apa panali sukulu," anatero, chala chili m'mwamba pang'ono kuti chithunzi chisasunthe. "Apa ndi pamene tinkalandirira ufa. Ife tinkakhala chapa."

"Nanga manda?" anafunsa a Tomás motsitsa mawu.

Anayang'ana kwa nthawi. Kuseri kwa kaphiriko kunali kachigamba ka mitengo yothithikana pakati pa minda, kosalimidwa.

"Ndi apa. Sanadule mitengo."

Anapukuta maso ndi nsonga ya kapulana, koma sanalire kwenikweni. Anati chimene chinawagwira mtima n'chakuti eni dziko aja, amene sanali abale awo, analima ponseponse n'kusiya pamenepo.

Nyengo yozizira itafika, anasiya benchi m'manja mwa mnzawo n'kunyamuka ndi a Tomás. Anakwera shapa, minibasi zathu zija, mpaka ku Ulongwe, anagona kwa achibale, n'kuwoloka malire m'mawa. Njira yochoka pamsika wa Lizulu kupita kukaphiri anaiyenda osafunsa munthu, chifukwa anali ataiyenda kambirimbiri ndi chala. Anakapempha chilolezo kwa eni mudzi, ndipo bambo wina wachikulire amene ankakumbukira nthawi ya msasa anawaperekeza. Mbali ya alendo inali kumadzulo kwa mitengoyo. Mitumbira inali itaphwa, yopanda zizindikiro, moti sanathe kunena motsimikiza kuti wa amayi awo ndi uti. Choncho analambula mbali yonseyo, iwo ndi a Tomás ndi bambo uja, n'kupemphera.

Asanachoke anatulutsa tabuleti n'kujambula chithunzi chimodzi. Chinatuluka chopendekeka, chala chawo chitaphimba ngodya ina. A Tomás anati ajambulenso, iwo anakana. Atafika pamene intaneti imagwira anamutumizira Ivone, amene agogo akewo sanawaonepo, n'kulemba okha pansi pake kuti: Agogo ako ali pamthunzi.

Anabwerera ku Tete ndi thumba la mapichesi ouma ndi chimfine cha kumapiri. Lachiwiri lake anali kale pabenchi pawo ku Kwachena, akusimbira amayi a mumzere za ulendowo. Mayi wina wa ku Tsangano, wogulitsa kabichi, anafunsa ngati mudzi wa kwawo nawo ungaoneke. Anaufufuza limodzi nthawi ya masana ogula atachepa, mitu itagundana, ndipo ataupeza mayi uja anayamba kukalipa kuti mlamu wake walowerera m'munda mwake ndi mizere ingapo, aona akapitako.