Tsiku limene ankhoswe anabwereka boti

Ukwati wathu unamangidwa ku Ntcheu, koma unadwalira ku Indiana. Amuna anga atapeza ntchito pa chipatala china ku Indianapolis, ine ndinatsala ku South Bend ndi mwana wathu wamkazi komanso ntchito yanga yosamalira okalamba. Poyamba ankabwera Lachisanu lililonse. Kenako anayamba kudumphitsa masabata. Mapeto ake ankangoimba foni kufunsa ngati mwana wadya, ngati kuti ine ndimakhuta mphepo.

Ankhoswe athu enieni, amalume anga ndi akulu awo a amuna anga, anali kumudzi, ndipo nkhani ya banja sikambika pa foni yodukaduka. Ndiye ndinakadandaula kwa banja lina lachikulire la kutchalitchi kwathu, Amalawi anzathu, ndipo iwo anavomera kuima m'malo mwa ankhoswe. Abambo a m'banjamo anali ndi nzeru zawozawo. Anati m'nyumba mwamuna zikamukwana amatola makiyi n'kutuluka, koma pa boti palibe kothawira. Anabwereka boti lokhala ndi denga la nsalu ku tinyanja tina tolumikizidwa ndi ngalande, kutali pang'ono ndi kwathu. Atawaimbira amuna anga, anavomera osanyinyirika. Nditamva zimenezo ndinakakonzetsa tsitsi, ndinakazinga mandasi. Ndinali chitsiru chosangalala.

Linali Loweruka lotentha. M'ngalande boti sililoledwa kuthamanga, poopa kuti mafunde angagumule m'mbali, choncho tinkayenda ngati tikuperekeza maliro. Madzi anali obiriwira, akununkha ndere ndi petulo. Abambo aja atapemphera anandiuza kuti ndiyambe. Ndinakhuthula zonse, za mafoni osayankhidwa, za chipale chofewa chimene ndinkakokolola ndekha pakhomo ndisanapite ku ntchito, za mwana amene anasiya kufunsa kuti adadi abwera liti. Ndinkafuna anditsutse, tikangane, tikalipirane, chifukwa munthu amene akukangana nawe ndiye kuti akadali m'banjamo.

"Zonse akunenazi n'zoona," anatero amuna anga, maso ali pamadzi. "Ndiyankha tikatsika."

Ngalande ija inatifikitsa pa nyanja ina yaing'ono, ndipo kutsidya kwake kunali katauni. Msewu unali umodzi. Panali sitolo ya mbedza ndi nyambo, tchalitchi choyera, malo ogulitsira ayisikirimu, ndi ana oyenda opanda nsapato, akabudula akudontha madzi. Amayi ankhoswe anandigwira dzanja kuti tikaone sitolo ya zinthu zakale, kuti amuna atsale akambirane okha. Tinagwiragwira makapu a anthu amene anamwalira kalekale, iwo akundilimbitsa mtima kuti mwamuna akavomera kulakwa ndiye kuti ntchito yaphweka. Ndinawakhulupirira.

Titabwerera tinawapeza atakhala pa tebulo lamatabwa pafupi ndi doko. Abambo ankhoswe anali atavula chipewa.

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Anzanuwa andipatsa mawu. Akuti ndikuuzeni ndine."

"Iwowo m'kamwa muli zilonda?"

"Akuti ukwatiwu analowa kudzera kwa ankhoswe, ndiye akufuna atulukenso kudzera kwa ankhoswe. Sanabwere kudzakonza. Abwera kudzatula."

Ndinayang'ana amuna anga. Anali atapinda manja bwinobwino ngati ali mu tchalitchi.

"Ndinarinyuwa kale lizi ya nyumba yarenti ku Indianapolis," anatero. "Sindisamukanso. Sindinafune kungokutekisitani ngati munthu wopanda mwambo."

"Alipo wina?"

"Zimenezo tisakambe pano, mayi a mwana."

Mwambo! Ine ndinathamangira kwa ankhoswe kuti andigwirire mwamuna, osadziwa kuti ndikumukonzera khomo lotulukira mwaulemu. Akanakhala kuti anangosowa, bwenzi ndikumutukwana mpaka lero, mtima n'kumapepuka. Koma iye anachita zonse mwadongosolo, moti ngakhale amalume sakanapeza pomugwira. Abambo ankhoswe anachonderera, amayi analira, anatchula mwana, anatchula malumbiro. Iye ankangogwedeza mutu n'kumati, "Ndamva, bambo. Zikomo, mayi." Ndinaona kuti munthuyu anachoka kalekale, ndipo panalibe chimene aliyense wa ife akananena kuti abwerere.

Ndinanyamuka n'kulowera mu msewu uja, osadziwa kumene ndikupita. Sindinkafuna kukhalanso naye pa mpando umodzi. Ndinafunsa mtsikana wogulitsa ayisikirimu ngati pali basi yopita ku South Bend, kapena kulikonse. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti kwawoko basi sidutsa, ndipo teksi imachita kuitanidwa kuchokera ku tauni ina. Chikwama changa chinali m'galimoto kumene tinakwerera boti, foni ilinso momwemo. Ndinayenda mpaka pamene nyumba zinathera n'kuyamba minda ya chimanga. Ndinaima pamenepo kulira mokweza, magalimoto akundilambalala, mpaka misozi inatha yokha. Kenako ndinatembenuka, chifukwa njira yobwerera kwa mwana wanga inali imodzi.

Tinakweranso boti. Abambo ankhoswe anapempha amuna anga kuti agwire chiwongolero. Iye anayendetsa bwino kwambiri, pang'onopang'ono monga lamulo likunenera. Ine ndinkaganiza za mawu amene ndikamuuze mwana, ndipo sindinapeze ngakhale amodzi.

Chapakati pa ngalande tinadutsa kuseri kwa nyumba ina, pamene mayi wina wachikulire ankathirira maluwa. Anatiyang'ana tonse anayi, anasiya paipi n'kufuula mu Chingerezi kuti ndife banja lokongola, tisangalale ndi tsikuli. Amuna anga anamwetulira n'kukweza dzanja. Nanenso ndinakweza langa.