Ndinataya madzi poopa chisanu cha ku Joni

Lachiwiri lapitali ndinataya madzi thanki yathunthu ndi manja angawa, osaledzera, osadwala. Ndipo ndinkaimba mluzu.

Gwero lake ndi kalavani ya alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Ndi kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, mkati muli bedi ndi sinki, kunsi kuli thanki ya madzi. Anabwera nayo pa Khirisimasi kuchokera ku Joni, Migowi yonse n'kusiya malonda kudzaonerera. Pobwerera anaisiya pakhomo panga, poti msewu wathu unali utawaphunzitsa ulemu.

Lolemba anandiimbira foni.

"Alamu, Juni uyu wafika. Mutsegule kampopi ka kunsi kwa thanki, madzi onse atuluke. Akaundana ndi chisanu mapaipi aphulika. Kuno tonse timatero."

Ine mphunzitsi wathunthu, amene ndimakalipira ana akamangovomera zinthu osafunsa, ndinati chabwino alamu. M'mawa mwake ndinagona chagada, kukwawira kunsi, kutsegula. Madzi anayenderera mpaka kukhola la mbuzi, abakha a aneba akuchita phwando.

Mayi a kunyumba anatulukira kuchokera kokumba mbatata. Anayang'ana matope, kenako ine.

"Abambo a Chisomo, mwatani apa?"

"Ndikuteteza mapaipi, madzi angaundane."

"Aundane? Kuno? Inu munabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi muno, munawaonapo madzi ataundana mumtsuko?"

Ndinafuna kufotokoza za sayansi, koma anandidula.

"Mpopi wathu unauma sabata yatha. Masiku atatu ndakhala ndikusenza ndowa kuchokera kumjigo, kuthira m'thankimo. Amenewo anali madzi a thobwa la chinkhoswe cha Chisomo Loweruka lino. Akuchimuna akafika muwapatsa chiyani, mapaipi?"

Ndinachita manyazi.

Tsono abale anga, bwanji mawu akachokera kutali timawalandira ndi manja awiri osawanunkhiza n'komwe? Alamu sananame. Kwawoko kumazizira mpaka madzi kuuma gwa. Koma chisanu chathu chimangong'amba milomo ndi zidendene, paipi sichiidziwa. Ndi angati mwa ife amene tinasintha kadzalidwe, kamangidwe, ngakhale kaleredwe ka ana, chifukwa choti wina wati "kunja amatero"?

Koma chimene chandiwawa kwambiri si chimenecho ayi. N'choti mpopi unauma pakhomo panga sabata yathunthu ine osadziwa. Ndinkasamba m'mawa uliwonse, ndinkamwa tiyi, malaya ankachapidwa. Amuna ambirife timaganiza kuti madzi amamera okha m'bafa. Bambo amene mukuwerenganu, madzi amene mwasamba lero achokera kuti, ndipo afika pamutu pa yani?

Chigamulo cha mayi a kunyumba chinali chachidule: wataya ndiye atunge. Lachitatu ndinamangirira zigubu panjinga, ulendo wa kumjigo, kukaima pamzere pakati pa amayi omwe ana awo ndimawaphunzitsa. Nkhani inali itafika kale, sindikudziwa kuti inadzera njira iti. Palibe amene anandipatsa mpata woyamba.

Nthawi yanga itakwana ndinagwira chitsulo, kupopa, thukuta kamukamu dzuwa lili pamutu. Mayi wina kumbuyo anakhosomola, n'kunena mwaulemu wonse:

"Aphunzitsi, fulumirani nawo, angaundane panjira."