Tiyi wa m'kalasi ya a Mildred

A Mildred Nahache anakulira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti, mwana wa othyola tiyi. Boma litatsegula sukulu yaulere mu 1994, anawalemba uphunzitsi opanda kosi, kungowapatsa choko basi. Ine ndinkaphunzitsa kalasi yoyandikana ndi yawo, ndiye musandiuze kuti anali aulesi ayi.

Kosi itabwera, zonse zinatsamira pa tsiku limodzi: mlangizi wa sukulu adzawaonere akuphunzitsa. Akalephera, ntchito yatha. Ku semina anawaphunzitsa kuti mphunzitsi wabwino amagwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, choncho anauza ana a Sitandade 2 kuti abweretse zowerengera masamu.

Koma abale, pakati pa esiteti mwana angatole chiyani? Kumanja tiyi, kumanzere tiyi. Pa tsikulo ana anafika matumba ali tho ndi nsonga zanthete, zothyoledwa bwinobwino ngati mmene amathyolera amayi awo. Nthawi yozitaya panalibe, mlangiziyo, a Kalitera, anali atakhala kale kumbuyo.

Phunziro linkayenda bwino, kenaka pakhomo panaima a Elson, mlonda wa kampani.

"Madamu, ndipatseni mayina a ana amene athyola tiyiyu."

Tonse tinkadziwa mapeto ake. Mwana akaba tiyi, kholo limachotsedwa ntchito, nyumba ya kampani n'kulandidwa. Ine ndinkaonera pawindo, ndipo ndinakwiya ndi a Kalitera, ongoyang'ana nsapato zawo ngati sakumva.

"Mayina palibe, bambo," anatero a Mildred. "Ndawatuma ndine."

"Ndiye tiyeni ku ofesi."

A Mildred anayang'ana a Kalitera, nayang'ana masamu osatha pa bolodi. Anaika choko pansi n'kutsatira mlondayo.

A Kalitera anati phunziro losamaliza sangalikhozetse, malamulo salola. A manijala nawo anati munthu wotuma ana kuba sakumufuna pa sukulu ya pa esiteti. Zinandiwawa kwambiri, mpaka lero zimandiwawa.

A Mildred anapita kwa achemwali awo ku Thekerani, komwe akulima chimanga. M'malayini simunachotsedwe banja ngakhale limodzi. Tsiku lonyamuka, makolo aja anali m'munda, kapitawo sanawalole kusiya madengu. Katundu tinanyamula awiriwiri mpaka pa msewu.