Papaya m'khola la makoswe oonda

Ntchito yanga yoyamba anandipezera a NyaMhango, mayi wa kukwaya kwathu ku Chiputula, amene ankachita kafukufuku mu labotale ina muno mu Mzuzu. Ataona mmene mbira zanga zinkanenepera kuseri kwa nyumba, anati, "Iwe ziweto zimakukonda chomene. Ubwere Lolemba."

Lolembalo ndinapeza makoswe oyera, a maso ofiira. Mayo ine! Ndinafuna kubwerera pakhomo, koma kunyumba wolandira malipiro kunalibe, ndiye ndinavala magolovesi.

M'mawa uliwonse ndinkasintha utuchi m'makola, kutsuka mabotolo a madzi, n'kuyeza khoswe aliyense pasikelo. Makoswe a m'makola a lebulo yobiriwira ankadya chakudya chokwanira. A lebulo yofiira ankadya chochotsedwa vitamini A. Onsewo a NyaMhango ankawamwetsa madzi a fodya ndi kachubu, kuti aone ngati thupi losowa vitamini limagwidwa khansa msanga. Anandiuza kamodzi kokha: "Usawapatse china chilichonse."

Patapita miyezi, a lebulo yofiira aja anaonda, ubweya unayamba kuthothoka, maso akuuma. Mtima unandipweteka. Ine ndinaleredwa kuti chiweto chikaonda pakhomo, anthu amaseka wochisamala. Ndiye ndinayamba kubisa papaya lakupsa m'chikwama, n'kumawaponyera tizidutswa. Masabata atatu, ndikudziona ngati munthu wachifundo.

Tsiku lina zotsatira za magazi zinabwera, zikuonetsa kuti a lebulo yofiira aja ali ndi vitamini A m'thupi. A NyaMhango anaziwerenga kawiri, kenako anayamba kufukula utuchi ndi chala. Ndinkangoganiza za mmene ndikauzire mayi anga kuti ntchito yatha. Atatembenuka, pachikhatho pawo panali kanjere kakuda ka papaya.

"Tiwonge, ichi n'chiyani?"

Bodza linafika pamilomo, koma silinatuluke. Ndinagwada pasimenti pomwepo n'kuulula zonse.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakhala pansi, anavula magalasi, nati, "Miyezi isanu ndi iwiri yapita m'madzi. Bambo ako aja amafwenkha fodya tsiku lonse, chakudya n'kumangonyomola, eti? Funso limene makoswewa amayankha linali la anthu ngati iwowo."

Apo mantha anga anasintha. Ndinaiwala za ntchito, ndinaona bambo anga atakhala pakhonde ndi kabotolo kawo ka fodya, makolala a shati akuwakhwepa m'khosi.

Sanandichotse. Ndinangowathokoza kuti "yewo". Tinayambiranso ndi makoswe ena, ndipo chikwama changa chinkatsala pakhomo.

Mpaka lero, mtima ukandiuza kuti ndichitire chiweto chifundo, ndimayamba ndafunsa mwini kafukufuku. Papaya lija ndinayamba kupititsira bambo. Amadya ndithu, koma kabotolo kaja akukana kutaya, ndipo akatsokomola ine ndimasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera.