Mthunzi Wathu Unali Pansi pa Dengu

Ndikukumbukira, ee, ndikukumbukira! Ndinali pakhonde kusenda nandolo, mwana wanga woyamba ali kumsana, pamene achimwene anga a Filipo anatulukira pa njinga kuchokera ku Njuli akukuwa: "Malo ndi athu! Za thangata zatha!" Nandolo anamwazika, nkhuku zinadya, ine ndili pa nthungululu.

Koma nkhaniyi inayamba ndili kamtsikana, mano akutsogolo ataguluka. Tinkakhala pa esiteti ya mzungu amene tinali tisanamuonepo. Ankati ndi mwana wa mafumu a ku Mangalande, ndipo ntchito yake inali kuyankhula m'Nyumba ya Malamulo ya kwawo. Ife yathu inali thangata: kumulimira fodya kuti tisathamangitsidwe. Mtengo wa zipatso sankalola, ati wobzala mtengo ndiye kuti akunena kuti malo ndi ake. Akakupeza, nyumba ankagwetsa.

Koma amayi anabzala kamtengo ka mango kuseri kwa nkhokwe. Ine ntchito yanga inali kukavundikira ndi dengu kapitawo akamabwera, ndi kukhala pamwamba pake.

Tsiku lina mwini malo uja anafika. Ndinkayembekeza chimphona, koma ndinaona nkhalamba yotsimphina, nkhope psuu ndi dzuwa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, nafunsa kudzera mwa womasulira: "Bwanji mudzi wonse ulibe mthunzi?"

Amuna onse maso pansi. Kapitawo watitong'olera maso.

Amayi anadzuka. "Choka apo, mwanawe." Anavundukula dengu. "Mthunzi wathu ndi uwu, bwana. Timaubisa kuopa inu."

Mayo ine! Ndinati basi, lero tigona kutchire. Mzungu uja anayang'anitsitsa timasamba tofiirira ta kamtengoko. Kenaka anauza kapitawo: "Usakakhudze."

Atachoka, abambo anakalipa: "Mukanatiphetsatu, amake Filipo!"

Amayi anati, "Munthu wafunsa. Ndiye amuyankhe ndani, dengu?"

Mzungu uja anabwerera kwawo. Aphunzitsi a ku mishoni, owerenga nyuzipepala, ankatiuza kuti waimirira m'Nyumba muja kunena za thangata, anzake amukuwiza. Chaka china, waimiriranso, amukuwizanso. Anamwalira asanaone mapeto ake, koma a kuno kwathu anali atainyamula kale nkhaniyo. Mtengo nawo unkakula, unkakula.

Lero ndakalamba, dzina langa lomwe ndimalemba movutikira, koma ichi ndinachigwira: munthu wamkulu, ngakhale mawu ake amveke kutsidya kwa nyanja, sanganene chimene sanaonetsedwe. Pamafunika wina wovundukula.

Tsiku la uthenga lija tinavina pansi pa mtengo womwewo, fumbi koboo! Anabwera a Filipo ndi njinga yawo. Anabwera a Yohane ndi ng'oma. Anabwera a Agnesi, anabwera a Rozina a ku Likoswe, anabwera Che Mussa ndi Abiti Saidi kuchokera ku Ndunde. Anabweranso a Simoni, kapitawo uja, chipewa m'manja, kupempha pokhala pamthunzi. Ndipo analipo amayi anga, a Veronika, atatsamira mtengo wawo.