Mbande Zimene Ndinasinthanitsa

Ndithokoze Mulungu amene amaona zobisika, ngakhale za m'nazale.

Ndimaphunzitsa zaulimi ku Lifuwu. Ana a Fomu 3 anafesa mpunga wa Kilombero pokonzekera pulojekiti yawo ya Fomu 4. Ndinalonjeza kuthirira patchuthi, koma ndinapita kuchitsitsimutso, mbande zonse n'kuuma. Mwamantha ndinakazula za alamu anga n'kuwokera pomwepo.

Dzulo Esinati, mwana wa mlimi, anayang'anitsitsa ngala. "Aphunzitsi, Kilombero wathu uja watembenuka mtima? Uyutu ndi Faya!"

"Ingolembani zimene mukuona," ndinatero.

Miyezi itatu akhala akuyeza bodza langa ndi rula. Mawa ndiyenera kuwauza kuti ayambirenso. Mundipempherere, abale. Ambuye akudalitseni ndi mtima wovomera msanga, mbande zisanakule.